Amayi anga akuiwala maina athu koma nyimbo sakuiwala: kodi tiwaletse kuimba?

"Zikomo anesi. Ndine mayi wa ku Kapata, mu Chipata, ndipo ndikusunga amayi anga ondibala. Khadi lawo la ubatizo limati anabadwa mu 1934, kumudzi kwathu kufupi ndi Magwero. Anabereka ana 9, otsala ndife 5, adzukulu ndi adzukulutuvi sitiwerenganso. Moyo wawo wonse ndi nyimbo: ali mtsikana ankavina chitelele, atakula ndiwo ankayambitsa nyimbo ku Chigwirizano ndi pamaliro. Tsopano kwa zaka ziwiri akhala akuiwalaiwala. Amandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kale, amati sanadye pamene mbale ndangochotsa kumene. Koma nyimbo za m'buku amaimba ndime zonse osaphonya liwu. Masiku ena amadzuka tambala asanalire n'kuyamba kuimba, ndipo oyandikana nafe ayamba kunong'ona. Wailesi amaikweza kwambiri, mawu awo asasa, ndipo nthawi yozizira anagwa pochokera kutchalitchi, mwamwayi sanathyoke. Alongo anga a ku Lusaka akuti tiwalande wailesi, tizikhoma geti, asiye zakwaya chifukwa zikuwatopetsa ndipo zikutichititsa manyazi. Kodi ndi misala? Kodi kuimbaku kukuwafupikitsira moyo, kapena ndiko kwawafikitsa apa?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo zikomo posunga kholo. Khazikani mtima pansi. Zimene mwafotokozazi si misala, si ufiti, si chilango cha kanthu kalikonse. Pa zaka zanga zaunesi kuno kum'mawa, m'mawodi ndi m'makomo mwa anthu, ndakumana nawo ambiri agogo otere: dzina la mwana wawo lawathawa, koma nyimbo ya ndime zisanu akuyenda nayo mpaka pa Amen. Ndiyamba ndi yankho lenilenilo kuti mukawawerengere alongo anu pafoni: wailesi musawalande, kuimba musawaletse. Zofunika kusintha ndi mmene amapitira koimbako, nthawi imene amakhalako, ndi zinthu zingapo za m'thupi mwawo zimene zikufuna kuyang'anidwa bwino.

Kuiwala kumene kwatenga zaka ziwiri, kukukulirakulira pang'onopang'ono, nthawi zambiri ndi matenda a ubongo amene kuchipatala timawatchula kuti dementia. Wotsimikiza ndi dokotala amene wawaona maso ndi maso, koma kalata yanu ikuloza kumeneko. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Wina, umene ndimauganizira kawirikawiri mwa anthu athu poti BP timaizindikira mochedwa, umabwera timitsempha ta magazi mu ubongo tikamatsekeka, kasitiroko apa, kasitiroko apo, mwiniwake osadziwa n'komwe. Nthawi zambiri zoyamba kufufutika ndi zatsopano. Nsima ya masana ano siikhazikika m'mutu, pamene tsiku la ukwati wawo lili bwinobwino, ndi amene anaphika ndiwo omwe.

Akamakuitanani dzina la mng'ono wawo sakukukanani. M'maganizo mwawo ali m'zaka zimene ana awo anali tiana, ndiye mzimayi wa imvi amene akuwapatsa madziyu sangakhale mwana wawo. Ayenera kukhala m'bale wawo, munthu amene ankamudalira. Ingovomerani. Kuwauza tsiku ndi tsiku kuti "mng'ono wanu anamwalira" ndi kuwaliritsa maliro atsopano tsiku ndi tsiku, ndipo pofika madzulo aiwala chimene chawaliritsa koma chisonicho chatsala. Za chakudya n'chimodzimodzi. M'malo motsutsana, apatseni kachidutswa ka mbatata kapena nthochi n'kunena kuti "yambani ndi aka, ndiwo zili pamoto".

Nanga nyimbo zimatsala bwanji? Mu 2015 ofufuza a ku Leipzig, ku Germany, anafalitsa zimene anapeza atajambula ubongo wa anthu akumvera nyimbo zimene amazidziwa kuyambira kale. Anazindikira mbali zimene zimagwira ntchito pokumbukira nyimbo zotere, ndipo atayerekeza ndi ubongo wa odwala Alzheimer anaona kuti mbali zimenezo ndi zina mwa zochedwa kuonongeka. China n'chakuti nyimbo munthu saisunga m'mutu mokha. Ili m'kamwa, ili m'chifuwa, ili m'manja oomba ndi m'mapazi. Nyimbo imene amayi anu aimba kuyambira ali ku Sande sukulu ili ngati njira ya kuchitsime imene yapondedwa zaka 80: kungade bwanji, phazi limaidziwa lokha. Maimbidwe amakoka mawu, liwu limodzi limakoka linzake. N'chifukwa chake m'wodi mumatha kupeza munthu amene sitiroko yamulanda kulankhula, satha kunena "madzi", koma azimayi a kutchalitchi kwawo akabwera kudzamuzonda n'kuyambitsa nyimbo, iye n'kulowa ndi mawu omveka. Achibale amadabwa mpaka misozi. Akatswiri ophunzitsa odwala kulankhulanso amagwiritsa ntchito zomwezi.

Ndiye pali nkhani ya msinkhu. Zimene munthu anakumana nazo pakati pa zaka 10 ndi 30 ndizo zimakanirira kwambiri kuukalamba. Kwa amayi anu ndi kuyambira 1944 mpaka 1964. Taziganizirani zaka zimenezo. Chipata inali idakali kutchedwa Fort Jameson. Ku Magwero, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika mu 1899, nyimbo za m'buku zinali zitalowa kale m'kamwa mwa makolo awo, ndiye iwo anazipeza zili m'nyumba. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kamene ankakatcha Saucepan Special, kogwira siteshoni ya ku Lusaka, ndipo zaka zotsatira mawu a Alick Nkhata ankamveka pamene pali mwayi wa kawailesiko, mudzi wonse utazungulira. Usiku wa mwezi atsikana pabwalo ndi chitelele. M'mawa pamtondo nyimbo zodandaula banja ndi amuna amene anachona ku Southern Rhodesia, ku Johannesburg kapena kumigodi ya ku Copperbelt. Kenako nyimbo za ufulu, mpaka pa 24 October 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu. Mukafuna kuwapeza amayi anu, afunefuneni m'zaka zimenezo.

Funso lanu lomaliza, loti kodi kuimba ndiko kwawafikitsa apa, ndiliyankha mosakometsera. Amene angakuuzeni kuti nyimbo zimaonjezera zaka mwakuti akungokusangalatsani. Kufika zaka 90 kumatenga zambiri: mtundu wa kwanu, kupulumuka chikuku ndi malungo paubwana, kupulumuka pa uchembere ka 9 m'nthawi imene ambiri ankachirira kumudzi, kudya za kumunda, kuyenda pansi, ndi chisomo. Ndaona oimba bwino akutisiya ali ndi zaka 50, ndaona osaimba n'komwe akudutsa 90. Koma tayang'anani zimene kwaya imamuchitira munthu wokalamba. Imamudzutsa, imamusambitsa, imamumangitsa duku, imamuyendetsa. Imamupumitsa mpweya wodzaza chifuwa, umene wokhala pamphasa tsiku lonse saupuma. Imamupatsa anthu omuyembekezera, oti akapanda kufika afunsa kuti kwagwanji. Ndipo kwa mayi amene waika ana anayi m'manda, inali malo olirirapo poyera popanda womuuza kuti zakwana. Kusungulumwa kumafooketsa okalamba, thupi ndi nzeru zomwe, ndipo pamenepa achipatala sititsutsananso.

Zimene zimachitika gogo akatsekeredwa ndimazidziwa bwino, chifukwa pamapeto pake amabwera nazo kwa ife. Milungu yoyamba amalimbana ndi geti n'kumakalipa. Kenako amangokhala duu. Chakudya chimayamba kubwerera, miyendo imaonda msanga modabwitsa, kudzuka pamphasa kumafuna anthu awiri, ndiye zilonda za kumsana ndi chibayo n'kulowa. Banja limati ukalamba wawamaliza, pamene chinayambitsa ndi loko. Alongo anuwo sindikuwaweruza ayi. Munthu amene ali kutali akamva kuti mayi ake agwa pamsewu, mantha amamuuza kuti atseke zonse. Mantha awo ali ndi chifukwa, kungoti mankhwala ake si amenewo.

Kugwako ndiko ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mwa zonse zimene mwalemba ndiko kungawachotse msanga. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno, ambiri sayendanso ngati kale, ndipo ena chaka sichitha. Ndiye musakhutire ndi mawu oti "anapunthwa". Mapemphero a kwathu kuno amatalika. Gogo amene wachoka kunyumba ndi kapu ya tiyi yokha, n'kukakhala maola atatu kapena anayi, kuimirira, kukhala, kuimiriranso, BP imatha kutsika, shuga n'kutsika, chizungulire n'kumupeza panjira. Ngati amamwa mankhwala a BP, mlingo umene unkawayenera ali ndi zaka 70 mwina wawakulira tsopano poti thupi lachepa. Pemphani kukiliniki kuti awayeze BP atagona, kenako ataimirira, koma musasiye kapena kuchepetsa mankhwala panokha. Maso nawonso: ng'ala imabwera mwakachetechete, ndipo wodwala kuiwala sadandaula kuti sakuona. Opaleshoni yake ndi yaifupi, nthawi zambiri munthu sagonekedwa tulo, ndipo ukalamba paokha si chifukwa choikanira. Ku chipatala cha Mwami amadziwika ndi za maso kuyambira kale, ndiponso ku Chipata Central Hospital angakuuzeni poyambira. Kenako zing'onozing'ono zimene timazipeputsa: mapatapata otha, chitenje chokhudza pansi, zikhadabo za kumapazi zotalika, ngalande za m'mbali mwa msewu. Agulireni nsapato zotseka zosaterera, ndodo yoti chogwirira chake chifike povalira wotchi akaimirira manja atatsitsa, ndipo pambali pawo paziyenda mdzukulu wamkulu, osati kamwana ka giredi 2.

Njinga zonyamula anthu zimene tadzaza nazo mu Chipata muno si za iwo. Kukhala chammbali pakaliyala kumafuna msana ndi manja olimba. Ngati kutchalitchi n'kutali, lankhulani ndi akulu a mpingo, wa galimoto sasowa. Adye asananyamuke, atenge botolo la madzi, akhale kumapeto kwa benchi pafupi ndi khomo, aziimba atakhala, ndipo akatopa mubwerere nawo osadikira zolengeza. Musachitenso manyazi kupempha amayi a Chigwirizano kuti tsiku limodzi pamwezi adzakumanire pakhonde panu. Tsiku limenelo avekeni yunifomu yawo, ndipo anzawowo muwapemphe kuti nyimbo yoyamba ayambitse ndi iwo. Kuimbiridwa ngati wodwala ndi kuyambitsa nyimbo ngati mwiniwake n'zosiyana kwambiri, ndipo iwo kusiyanako amakumva.

Pamaliro pokha ndikhala kumbali ya alongo anu. Kuchezera usiku wonse, kugona pansi pozizira m'nyumba yodzaza anthu otsokomola, m'mawa kuyenda padzuwa kupita kumanda, zimenezo anazichita zaka zokwanira. Apite masana, akapepese, aimbe nyimbo ziwiri, abwerere. Ndipo si maliro onse oti muwauze.

Wailesi yokweza ndi makutu, si mwano. Musanaganize za makina othandiza kumva, akawaone m'makutu kukiliniki. Mwa okalamba ambiri mumakhala mutatsekeka ndi phula louma, limene amalifewetsa ndi mankhwala odontheza n'kulitsuka; kamtengo ka machesi ndi nthenga ya nkhuku zimangolikankhira m'kati. Izi musazitenge mopepuka. Gulu la akatswiri limene magazini ya zachipatala ya Lancet inasonkhanitsa, mu lipoti lake la 2020, linaika kusamva bwino pakati pa zinthu zikuluzikulu zothandizika zimene zimayenderana ndi dementia. Ngakhale popanda lipoti n'zoonekeratu: munthu amene ubongo wake ukuvutika kale, ukamupatsa theka la mawu, amasokonezeka kawiri. Polankhula nawo bwerani kutsogolo, powala, akuoneni pakamwa, ndipo lankhulani pang'onopang'ono ndi mawu otsika m'malo mokuwa.

Wailesiyo ikhale pafupi ndi khutu limene likumva bwinoko kuti isafune kukweza. Radio Maria ndi Breeze FM zili ndi nthawi za nyimbo zimene angazikonde, koma isamangolira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mikangano ya ndale ndi mauthenga a maliro amatha kuzitenga ngati zikuchitikira m'nyumba mwawo momwemo. Tiwailesi tolowetsa memory card timene amagulitsa pamsika ndi tabwinopo: mdzukulu aikemo nyimbo zosankha za m'nthawi yawo. Poyamba muzimvera nawo limodzi n'kumawayang'ana kumaso. Nyimbo imene inaimbidwa pamaliro a mwana wawo ingawagwetse misozi. Misozi yotsika n'kutha si yoopsa, koma nyimbo ikawasiya osakhazikika mpaka usiku, ichotseni.

Mawu osasa mwina ndi ukalamba chabe. Timinofu ta pakholingo timaonda, mawu a mzimayi amatsika n'kumanjenjemera, mpweya sufika kumapeto kwa mzere. Kuimba modekha sikuononga mawu otere. Kusiya ndiko kumawafooketsa. Aziimba motsitsa, azimwa madzi pafupipafupi, asakhale m'khitchini ya utsi wa nkhuni kapena ndi mbaula m'chipinda chotseka. Koma ngati kusasako n'kwatsopano ndipo kwadutsa milungu itatu, makamaka ngati ankasuta kapena amafwenkha fodya, akawaone pakhosi. Chifuwa chopitirira milungu iwiri akayezedwe TB, zaka zisakunamizeni. Muzionetsetsanso pamene akumwa. Kutsamwa madzi kapena thobwa kawirikawiri, mawu n'kumamveka onyowa akatha kumeza, ndi chizindikiro choti chakudya chikulowera kunjira ya mpweya. Azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo nthawi yodya si nthawi yoimba.

Tsopano za usiku. Matendawa amasokoneza nthawi ya m'thupi. Gogo amene wagona masana onse amadzuka 3 koloko ali wokonzeka kuyamba tsiku, ndipo tsiku la mkhristu wakale limayamba ndi nyimbo. Koma nthawi zambiri pamakhala chowadzutsa chimene satha kuchitchula: mkodzo, njala, kuzizira, kuphwanya kwa mawondo ndi msana, mantha a mdima. Amaimba kuti adzitonthoze, monga ankachitira pa mavuto ena onse a moyo wawo. Ndiye m'malo mowakalipira, chotsani chowadzutsacho. M'mawa aziothera dzuwa panja, masana azikhala ndi kantchito, tulo ta masana tifupike, tiyi wa madzulo asiye, asanagone adye kanthu kofunda ndi kupita kuchimbudzi. Kandowa pafupi ndi bedi, kanyali ka sola koyaka usiku wonse, kandulo ayi. Akadzukabe, khalani nawo, imbani nawo ndime imodzi chapansipansi, kenako nenani kuti "tipemphere tigone". Mwambo umene anauzolowera amautsata mosavuta kuposa lamulo.

Chimene ndikukuletsani mwamphamvu ndi mapiritsi ogonetsa ogula pakantemba, Piriton ndi anzake, kapena kakapu ka mowa "koti agone". Mwa okalamba mankhwala amenewa amaonjezera kusokonezeka, amatha kutseka mkodzo, ndipo amagwetsa. Kukhoma chitseko usiku inu muli m'nyumba momwemo n'koyenera, chifukwa tsiku lina angatuluke kukafuna kwawo ku Magwero. Koma kuwatsekera okha masana inu mutapita kumsika, kapena kuwamanga, n'koopsa: moto ukabuka alibe pothawira.

Kunong'ona kwa anthuko musakupeputse. Tonse tikudziwa zimene zimamuchitikira gogo akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, wosavala bwino, wosatha kufotokoza kumene wachokera, n'kumavomera chilichonse chimene gulu likumufunsa. Amati wagwa pa lichero. Ena amenyedwa, ena aphedwa, pamene ndi odwala amene anasochera pofuna chimbudzi. Muyambe ndinu kulankhula mphekesera isanakule. Pemphani kalata kuchipatala yonena matenda awo. Pitani nayo kwa abusa ndi akulu a mpingo, kwa atcheyamani a m'dera lanu, kwa oyandikana nawo mmodzimmodzi, ndipo mukapita kumudzi, kwa anyakwawa. Auzeni momveka: "Amayi akudwala matenda a kuiwala. Mukawamva akuimba usiku, ndi matendawo. Mukawaona panjira okha, agwireni dzanja mubwere nawo." Sokererani kansalu kolembapo nambala yanu ya foni m'kati mwa bulauzi iliyonse. Anthu ambiri akauzidwa mwaulemu amasanduka alonda anu. Amene angapitirize kuloza chala adziwe kuti m'malamulo a Zambia, pansi pa Witchcraft Act, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit yolandira nkhani za okalamba ozunzidwa.

Mukasiya kulimbana ndi nyimbozi mudzaona kuti zikukugwirirani ntchito. Ngati amakana kusamba, yambani nyimbo imene amaikonda mukadali kutenthetsa madzi, n'kupita nawo kubafa muli pakati pa ndime. Ngati miyendo ikukanirira poyamba kuyenda, nyimbo ya kugunda kokhazikika imathandiza phazi kupeza poponda. Chakumadzulo, nthawi imene odwala ambiri amayamba kusakhazikika, kumanga katundu n'kumati akupita kwawo, apatseni lichero la nshawa aswe kapena chimanga atonole, inu n'kuyambitsa nyimbo ya pamtondo. Imbani mzere woyamba wokha n'kuima, ngati mwaiwala. Adzakukonzani, mwina mokalipa, ndipo kwa mphindi zimenezo mayi ndi iwo, mwana ndinu.

Adzukulu atenge mafoni awo ajambule ambuya awo, ndipo asachedwe nazo. Za m'buku zilipo kale zosindikizidwa. Zimene zikupita ndi za chitelele, za pamtondo, zotonthozera mwana, za m'nthano zija ana ankavomereza. Ku Kulamba ku Mkaika mu August, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February, magule mudzawaona, koma nyimbo imene mayi wina wa m'mudzi mwanu anapeka podandaula apongozi ake simudzaimva kumeneko. Pa nyimbo iliyonse afunseni kuti ankaimba ndani, ankaimbira kuti. Mudzadabwa maina amene adzatuluka. Chenjezo langa ndi ili: matendawa amamasula zimene munthu ankasunga. Mayi amene anadutsa kuchinamwali, kapena anali namkungwi, angayambe nyimbo za kumeneko pamaso pa ana ndi akamwini. Musawachititse manyazi, ingolowetsani nyimbo ina pamwamba pake, adzatsata. Ndipo zoterozo, kapena kanema wa iwo atasokonezeka, zisapite pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja. Ali bwino sakanalola.

Pali nthawi zimene simuyenera kudikira tsiku la kiliniki. Dementia imayenda pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Mukaona asintha m'masiku awiri kapena atatu, kusokonezeka kwakula mwadzidzidzi, akungogona, akuona zinthu zimene palibe, pamenepo pali matenda ena pamwamba: malungo, matenda a njira ya mkodzo, chibayo, shuga, kuchepa madzi m'thupi, ngakhale kudzimbidwa kwa masiku angapo. Okalamba satentha thupi nthawi zonse, ndiye musadikire kutentha. Zimenezi zimachizika, ndipo ambiri amabwerera pafupi ndi pamene anali. Pakamwa popotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera: imeneyo ndi sitiroko, thamangani nawo ku Chipata Central Hospital nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Akagwanso n'kumenyetsa mutu, akaonedwe, ndipo muziwayang'anira kwa milungu ingapo, chifukwa magazi amatha kudontherera pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza n'kudzaonekera mochedwa monga kugonagona, mutu wosatha ndi kukoka mwendo. Kwa amayi anu palinso chizindikiro china chimene dokotala sangachidziwe mukapanda kumuuza. Tsiku limene mudzayambitsa nyimbo iwo n'kukhala chete, mawa lake chimodzimodzi, kawayezetseni. Kungakhale kupweteka, kungakhale matenda obisika, kungakhale kukhumudwa kwa mumtima, kumene nakonso kuli ndi chithandizo.

Ngakhale popanda zadzidzidzi, mwezi uno pitani nawo kukiliniki, mupemphe kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu akawaone mokwanira: BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, mkodzo, maso, makutu. Tengani m'thumba mankhwala onse amene amamwa, achizungu ndi achikuda omwe, musabise. Lembani papepala zimene mwaona ndi pamene zinayamba, chifukwa pamaso pa dokotala amayi anu adzapereka moni wabwino n'kuyankha mwaulemu ngati palibe vuto. Mankhwala ochiza dementia kulibe, ndipo aliyense amene akukugulitsani botolo loti libweza nzeru akufuna ndalama zanu. Zimene zimachizika ndi zija zoikulitsa, ndipo n'zambiri.

Inunso ndinu munthu wa zaka zanu, simungadzuke 3 koloko usiku uliwonse chaka chathunthu osadwala. Mwatsala asanu. Alongo a ku Lusaka apatseni ntchito yeniyeni, chifukwa wopanda ntchito pa odwala ndiye amachulukitsa malamulo: ndalama ya galimoto ya Lamlungu, nsapato, malipiro a mayi woti azikusinthani masiku awiri pamlungu. Aziimbanso foni, ndipo m'malo mofunsa kuti "mwandidziwa kodi?", funso limene limangowaopsa odwala, ayambitse nyimbo imene amayi ankawaimbira ali mwana. Abale enawo agawane masiku odzagona. Kusamutsa amayi kuti azikhala mwezi kuno mwezi uko sindikulimbikitsa, nyumba yachilendo imawasokoneza kwambiri. Aziyenda ndi osamalawo. Funsaninso ku ofesi ya Social Welfare ku boma ngati nyumba yanu ingalowe mu Social Cash Transfer, thandizo la ndalama lochokera kuboma, poti muli ndi munthu wopitirira zaka 65, ndipo mutenge chitupa chawo cha NRC popita.